Limfoma ya Pakhungu: Zimene Kafukufuku Wapeza pa Ana, Akulu ndi Anthu a Mayiko Osiyanasiyana

Limfoma ndi khansa ya maselo oyera a m'magazi otchedwa malimfosaiti, amene ntchito yawo ndi kuteteza thupi ku matenda. Limfoma yodziwika kwambiri imayamba ndi mwanabele wosapweteka m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Koma ilipo ina imene imayambira pakhungu penipeni n'kukhazikika pomwepo zaka zambiri, kwa ena moyo wonse, osalowa m'kati mwa thupi. Khungu lili ndi malimfosaiti akeake. Mu 2006 ofufuza a ku Boston anapeza kuti khungu la munthu wamkulu limasunga maselo a mtundu wa T okwana pafupifupi 20 biliyoni, kuwirikiza kawiri amene amayenda m'magazi. Selo limodzi mwa amenewa likasokonekera n'kuyamba kuswana mosaletseka, ana ake amakhala pamalo pomwe kholo lawo linazolowera.

Matendawa ndi osowa. Ku Ulaya ndi ku North America, pa anthu 100,000 aliwonse amapezeka nawo pachaka ndi munthu mmodzi. Komanso si nthenda imodzi. Ndondomeko imene bungwe la WHO linagwirizana ndi bungwe lofufuza za khansa ku Ulaya la EORTC mu 2005, n'kuikonzanso mu 2018, imatchula mitundu yoposa 15. M'mayiko amenewo odwala atatu mwa anayi aliwonse amakhala a maselo a T, otsalawo a maselo a B. Ina mwa mitunduyi ndi yofatsa kwambiri moti munthu amakalamba nayo, pomwe ina imapha chaka chisanathe. Mavuto onse a kafukufuku wake amachokera pamenepa: odwala ndi ochepa, ochepawo ndi ogawikananso m'timagulu, ndipo nthenda yambiri imayenda pang'onopang'ono moti wofufuza amatha kupuma pantchito asanaone mathero a odwala ake.

Nthenda yaikulu m'gululi

Pafupifupi theka la odwala onse ali ndi mtundu wotchedwa mycosis fungoides. Woyamba kuufotokoza anali Jean-Louis Alibert, dokotala wa pachipatala cha Saint-Louis ku Paris, mu 1806. Wodwala wake anali ndi zotupa zotukuka pakhungu zooneka ngati bowa, ndipo dzinalo linachokera pa maonekedwewo. Limasocheretsa mpaka lero, chifukwa nthendayi ilibe ubale uliwonse ndi tizilombo toyambitsa zipere. Mu 1870 Ernest Bazin anafotokoza mmene imakulira, ndipo mu 1938 Albert Sézary anafotokoza mtundu woopsa umene tsopano umatchedwa ndi dzina lake, pomwe khungu la thupi lonse limatupikana n'kumafunduka, maselo a khansa atadzaza m'magazi.

Mycosis fungoides imayamba ndi zigamba zosatukuka, zouma, zokhala ndi timamba tosaoneka bwino, khungu lake lokwinyika ngati pepala lopyapyala limene lafinyidwa m'manja. Zimakonda malo amene dzuwa silifika: m'matako, m'chiuno, m'ntchafu, pansi pa mabere. Kwa ena zigambazo zimakhuthala, ndipo kwa ochepa zimasanduka zotupa zimene zimaphulika n'kukhala zilonda. Chovutitsa kwambiri ndi kuyabwa. Wodwala wa matenda a Sézary amakanda usiku wonse mpaka zikhadabo kusalala, pogona pake m'mawa pali mbuu ndi timamba, ndipo amamva kuzizira ngakhale kukutentha chifukwa khungu lotupikana silisunga kutentha kwa thupi. Mabakiteriya a Staphylococcus aureus amalowera m'ming'alu ya khungulo, ndipo ambiri mwa odwala kwambiri amafa ndi matenda olowera m'magazi, osati ndi chotupa chenichenicho.

Kuzindikira nthendayi ikangoyamba n'kovuta ngakhale kwa katswiri. Imafanana ndi chikanga, zipere ndi matenda ena wamba a pakhungu, ndipo mankhwala opaka a steroid amaiziziritsa kwa kanthawi. Dokotala akadula kachidutswa ka khungu n'kukatumiza ku labotale, maselo a khansa amakhala ochepa pakati pa maselo abwino, moti nthawi zambiri pamafunika kudula kawiri, katatu, patadutsa miyezi. Kafukufuku wa PROCLIPI, amene anayamba mu 2015 motsogozedwa ndi Julia Scarisbrick wa ku Birmingham, ndipo amasonkhanitsa mbiri za odwala kuchokera m'zipatala za m'mayiko ambiri, anapeza kuti theka la odwala nthenda yoyambirira anakhala miyezi 36 kapena kuposa kuchokera pomwe zigamba zinaoneka kufika podziwa dzina la nthenda yawo. Izitu ndi za m'zipatala zodziwa bwino ntchitoyi.

Chimene chimalosera tsogolo la wodwala ndi msinkhu umene nthenda yafika pomwe ikupezeka. Mu 2010 madokotala a ku St John's Institute of Dermatology ku London anafalitsa zotsatira za odwala 1,502. Amene zigamba zawo zinali zosafika gawo limodzi mwa magawo 10 a khungu anakhala ndi moyo wautali mofanana ndi anthu ena a msinkhu wawo. Mwa amene anali ndi zotupa, theka anamwalira zaka 5 zisanakwane. Mwa amene khansa inalowa m'ziwalo za m'kati, theka sanakwanitse chaka ndi theka. Odwala ambiri amapezeka nthenda idakali yoyambirira, ndipo mwa iwo ambiri sadzafika pa zotupa.

Phunziro la 1989

Popeza ndi khansa, nzeru yoyamba ya madokotala inali yakuti aimenye mwamphamvu idakali yaing'ono. Ofufuza a ku National Cancer Institute ku America anaiyesa nzeruyi pa odwala 103, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1989. Gulu limodzi linalandira cheza cha ma electron pakhungu lonse pamodzi ndi kemo ya mankhwala anayi. Gulu lina linayamba ndi mankhwala opaka okha, n'kumawonjezera mphamvu pokhapokha nthenda ikakula. M'gulu loyamba, 38 pa 100 aliwonse khungu lawo linayera lonse, pomwe m'gulu lachiwiri anali 18 okha. Koma nthenda inabwereranso, ndipo patapita zaka imfa zinali zofanana m'magulu onse awiri. Chimene gulu loyamba linapindula choposa anzawo chinali kuvutika ndi mankhwala.

Kafukufuku ameneyu ndi wamng'ono poyerekeza ndi wa khansa ya m'mawere kapena ya m'mapapo, koma ndiye maziko a chithandizo chonse cha lero. Nthenda yoyambirira amaithandizira pakhungu pomwepo: mankhwala opaka a steroid, mankhwala opaka a chlormethine, ndi kuima m'kabati ya nyale za ultraviolet kawiri kapena katatu pa mlungu. Chotupa chimodzi amachiwotcha ndi cheza, ndipo chimasungunuka msanga, pakuti maselowa sapirira cheza. Ku Stanford University, kumene anakhazikitsa njira yowotcha khungu lonse, anaonetsa pambuyo pake kuti mlingo wa cheza wa 12 Gy m'malo mwa 36 Gy umathandiza odwala ambiri, suvulaza kwambiri, ndipo ungabwerezedwe. Kemo wamba amagwira, koma kwa miyezi yowerengeka, pomwe akufooketsa chitetezo cha munthu amene khungu lake lili kale ndi zilonda. Apa kudekha kwa dokotala ndi mbali ya chithandizo.

Kuyesa mankhwala atsopano kunatenga nthawi kuti kulongosoke. Mpaka 2011 panalibe muyeso umodzi wogwirizana wa mawu akuti wodwala wapeza bwino, moti zotsatira za chipatala china sizinkayerekezeka ndi za chinzake. Muyeso umene anagwirizana ndi wa manja. Chikhatho cha wodwala pamodzi ndi zala chimatengedwa ngati gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake. Dokotala amayendera thupi lonse, kuwerenga kuti zigamba zikukwana zikhatho zingati, zokhuthala zingati, zotupa zingati, kenako zokhuthala amachulukitsa kawiri, zotupa kanayi. Ngakhale muyeso ulipo, kupeza odwala okwanira n'kovutabe. Kafukufuku wina wa EORTC woyerekeza nyale za ultraviolet zokha ndi nyale pamodzi ndi mankhwala a bexarotene anatsekedwa chiwerengero chisanakwane.

Mwa kafukufuku amene anakwanitsa, awiri ndiwo odziwika kwambiri. Mu 2017 kafukufuku wa ALCANZA, wa odwala 131, anayerekeza brentuximab vedotin, mankhwala amene amamatirira pa chizindikiro cha CD30 cha maselo a khansa, ndi mankhwala akale a methotrexate kapena bexarotene. Amene anapeza bwino kwa miyezi inayi kapena kuposa anali 56 pa 100 aliwonse, pomwe a mankhwala akale anali 13. Mtengo wake unali dzanzi la m'manja ndi m'mapazi kwa odwala awiri mwa atatu. Mu 2018 kafukufuku wa MAVORIC, wa odwala 372, anapeza kuti mogamulizumab imaletsa nthenda kukula kwa miyezi 7.7, pomwe vorinostat inaletsa miyezi 3.1, ndipo mogamulizumab inagwira bwino kwambiri pa maselo a m'magazi a odwala a Sézary. Miyezi imeneyi ndi yochepa, ndipo mankhwalawa sachiritsa. Njira yokhayo imene yachiritsa ena odwala kwambiri ndi kuwaika maselo a m'mafuta a m'mafupa a munthu wina. Kafukufuku wa ku France wa CUTALLO anaonetsa mu 2023 kuti njirayi imachedwetsa kubwerera kwa nthenda, koma nayo imapha ena, ndipo okalamba ambiri sangaipirire.

Ana ndi okalamba

Mabuku amanena kuti mycosis fungoides ndi ya anthu a zaka 55 mpaka 60, amuna ambiri kuposa akazi. Izi ndi zoona ku Ulaya ndi ku North America, kumene ana ndi gawo laling'ono zedi la odwala. Koma ku Kuwait madokotala anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa 6 aliwonse anali mwana, ndipo malipoti a ku Singapore ndi ku India nawonso ali ndi ana ndi achinyamata ambiri. Mwa ana nthendayi imabwera ndi nkhope ina: zigamba zotuwa, zoyererako kuposa khungu lozungulira, zosayabwa kwenikweni. Maselo ake nthawi zambiri amakhala ndi chizindikiro cha CD8, osati cha CD4 monga mwa akulu. Imamva nyale za ultraviolet, imabwereranso akasiya, koma sikawirikawiri kuti ifike pa zotupa.

Nthenda ina ya ana ndi achinyamata, imene imagwiranso akulu, ndi lymphomatoid papulosis, yofotokozedwa ndi Warren Macaulay mu 1968. Timatuza tofiirira timatuluka, kuchita nkhanambo, n'kupola tokha pa milungu ingapo, kenako tina n'kutulukanso, zaka ndi zaka. Pa maikulosikopu timaoneka ngati khansa yoopsa. Wopima amene sanaone wodwalayo angalembe dzina lochititsa mantha, mwana n'kupatsidwa kemo wosafunika. N'chifukwa chake pa matendawa lipoti la ku labotale siliwerengedwa palokha popanda kuona khungu. Pafupifupi onse amakhala ndi moyo wautali, ngakhale kuti ena, mpaka mmodzi mwa 5 mwa akulu, amadzapezeka ndi limfoma ina, choncho amafunika kuonedwa nthawi ndi nthawi.

Kafukufuku wamkulu woyesa mankhwala, ALCANZA ndi MAVORIC yemwe, analemba anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Zonse zimene zimadziwika za ana zimachokera m'malipoti a zipatala, a odwala makumi ochepa pa lipoti lililonse, ndipo chithandizo chawo n'chobwereka kwa akulu.

Kumbali ya ukalamba kuli limfoma ya maselo a B ya kumiyendo, imene imagwira makamaka amayi opitirira zaka 70. Imatuluka ngati zotupa zokula msanga m'munsi mwa bondo, ndipo pafupifupi theka la odwala ndilo limafika zaka 5 nthenda itapezeka. Imafuna rituximab ndi kemo yamphamvu, imene mtima wa munthu wa zaka 80 sungalandire nthawi zonse. Anzake awiri a maselo a B, wina wokonda kumutu ndi kumsana, wina kumikono, ndi ofatsa: oposa 95 pa 100 aliwonse amafika zaka 5, ndipo kuwotcha kapena kudula chotupacho kumakwanira.

Khungu lakuda

Kaundula wa khansa wa ku America wa zaka za 1973 mpaka 2002 anaonetsa kuti limfoma ya pakhungu ya maselo a T imagwira anthu akuda 9 pa miliyoni pachaka, pomwe azungu ndi 6. Izi n'zosiyana ndi limfoma zina zambiri, zimene zimachuluka mwa azungu. Kafukufuku wotsatira anapeza mobwerezabwereza kuti odwala akuda amapezeka nayo ali ocheperako ndi zaka pafupifupi 10, nthenda itakula kale, ndipo amafa msanga. Ku MD Anderson Cancer Center ku Houston anaona kuti amayi akuda amene inawayamba asanafike zaka 40 inawakulira kwambiri kuposa anzawo. Umphawi ndi kusowa inshulansi zili ndi mbali yake, koma m'kafukufuku wina kusiyanako kunatsalabe ngakhale atachotsera zimenezi, ndipo ofufuza akadali kutsutsana ngati chibadwa cha maselo chikutengapo mbali.

Mbali imodzi ya vutoli ili m'maso mwa woyeza. Nthendayi inafotokozedwa pa khungu loyera, ndipo chinenero chake chonse n'cha kufiira. Msinkhu wachitatu wa nthenda umawerengedwa pamene magawo 80 pa 100 a khungu afiira. Pa khungu lakuda kutupikana sikuoneka kofiira. Kumaoneka ngati kuda kopitirira, kutuwa ngati phulusa, kapena kuyererako. Dokotala amene anaphunzira ndi zithunzi za azungu okhaokha amayang'ana chigamba chotere osachiona, ndipo muyeso wa zikhatho uja umatuluka wochepa kuposa nthenda yeniyeni. Uku ndi kulakwa kwa maphunziro, ndipo n'kotheka kukonza popanda mankhwala atsopano alionse.

M'mayiko amene muli khate, monga India, Brazil ndi mbali zambiri za Africa kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, chigamba chotuwa chimayamba chaganiziridwa khate, ndipo n'koyenera kutero chifukwa khate ndilo lofala. Woyeza amatenga kathonje, kuuza wodwala kuti atsinzine, n'kukhudza pakati pa chigambacho kuti aloze pamene wamva. Chigamba cha khate kawirikawiri chimakhala chadzanzi, pomwe cha mycosis fungoides chimamva bwinobwino. Ku India kwalembedwa odwala amene anamwa mankhwala a khate miyezi yambiri asanapezeke kuti ndi limfoma.

Malo, tizilombo ndi chibadwa

Mitundu ina ya limfoma ya pakhungu imatsata mapu. Mu 1977 Kiyoshi Takatsuki ndi anzake ku Kyoto anafotokoza khansa ya maselo a T imene odwala ake ambiri anali obadwira pachilumba cha Kyushu. Mu 1980 Bernard Poiesz ndi Robert Gallo anapeza kachilombo ka HTLV-1 m'maselo a wodwala amene ankamuyesa wa limfoma wamba ya pakhungu. Kanali koyamba ka gulu la retrovirus kupezeka mwa munthu, zaka zitatu HIV isanapezeke, ndipo ndiko kamayambitsa khansa ya ku Kyushu ija. Anthu osachepera 5 mpaka 10 miliyoni ali nako, makamaka kum'mwera kwa Japan, ku Caribbean, ku Peru ndi Brazil, pakati ndi kumadzulo kwa Africa, komanso pakati pa Aaborijini a ku Australia. Kamafala poyamwitsa, pogonana ndi m'magazi. Ochepa okha, osapitirira 5 pa 100, ndiwo amadzadwala khansayi, patadutsa zaka makumi angapo, makamaka amene anakatenga ali makanda. Pafupifupi theka la odwala amakhala ndi zizindikiro pakhungu zofanana kwambiri ndi mycosis fungoides, ndipo chosiyanitsa ndi kuyeza magazi. Chigawo cha Nagasaki chinayamba kuyeza amayi apakati mu 1987 n'kulangiza amene ali ndi kachilomboka kuti asayamwitse, ndipo ana otenga anachepa kwambiri. Langizo lomwelo silingatengedwe mmene lilili kupita kumene mkaka wa m'chitini ndi madzi abwino n'zosowa. Mogamulizumab nayo inapangidwa ku Japan, n'kuvomerezedwa mu 2012 chifukwa cha khansa imeneyi, isanavomerezedwe pa mycosis fungoides.

Kachilombo ka Epstein-Barr kali ponseponse padziko, koma mwa ana ena a ku Mexico, Guatemala, Peru ndi Bolivia, komanso kum'mawa kwa Asia, kamayambitsa nthenda ya matuza ndi zilonda kumaso ndi m'mikono, kutupa nkhope, ndi zilonda zazikulu pamene udzudzu waluma. Mwa ena imasanduka limfoma yakupha. Ku Ulaya, m'madera ena a Scotland ndi Austria, limfoma zina zofatsa za maselo a B zapezeka ndi mabakiteriya a Borrelia ofalitsidwa ndi nkhupakupa, pomwe ku America ubale umenewu sunapezeke.

Chitsanzo choonetsa bwino phindu la kafukufuku wa mayiko ambiri ndi limfoma ya m'mafuta a kunsi kwa khungu, imene imatuluka ngati mfundo zolimba m'miyendo ndi m'thupi mwa achinyamata, akazi ambiri kuposa amuna. Kale inkaonedwa ngati nthenda imodzi yoopsa yofuna kemo. Mu 2008 gulu la EORTC litasonkhanitsa odwala 83, zinaoneka kuti ndi nthenda ziwiri: ina imene 82 pa 100 amafika zaka 5, ina imene amafika ndi 11 okha. Mtundu wofatsawo tsopano umathandizidwa ndi prednisolone kapena ciclosporin. Mu 2018 ofufuza anapezanso kuti odwala oposa theka mwa amene anawayeza anabadwa ndi vuto m'jini ya HAVCR2, imene imagwira ntchito ngati mabuleki a chitetezo cha m'thupi, ndipo vutolo linali la mtundu wina mwa anthu a kum'mawa kwa Asia ndi ku Polynesia, linanso mwa a ku Ulaya.

Africa m'kafukufukuyu

MAVORIC inachitika m'zipatala 61 za ku America, Ulaya, Japan ndi Australia. Panalibe n'chimodzi chomwe cha mu Africa. Zimene zalembedwa za kum'mwera kwa Sahara ndi malipoti a zipatala zochepa, ndipo kuchepa kwa malipotiwo si umboni wakuti nthendayi kulibe, pakuti ku America imagwira anthu akuda kuposa azungu. Kuizindikira kumafuna dokotala wa khungu, wopima minofu, mankhwala odetsera maselo osonyeza CD3, CD4, CD8 ndi CD30, komanso kuyeza HTLV-1. Zina mwa izi zayamba kupezeka. Sukulu ya Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania, yakhala ikuphunzitsa azachipatala a m'mayiko ambiri za matenda a khungu kuyambira 1992. Pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe panatsegulidwa labotale yopima minofu mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, ndipo kafukufuku wotsatira odwala limfoma anayamba pomwepo mu 2013.

Chithandizo cha nthenda yoyambirira sichodula. Mankhwala opaka a steroid, methotrexate ndi maantibayotiki a zilonda zili m'zipatala zambiri. Chimene chimasowa ndi kuiganizira. Zigamba za m'matako, m'chiuno kapena m'ntchafu zimene zakhala miyezi yambiri, zosiyana kukula ndi maonekedwe, zomva kathonje, zimene zakana mankhwala a zipere kapena zimabwerera munthu akangosiya kupaka, ziyenera kudulidwako kachidutswa, makamaka pa malo awiri osiyana. Wodwala ayenera kufunsidwanso za mafuta ogula pamsika, chifukwa ambiri oyeretsa khungu ali ndi steroid wamphamvu amene amabisa maselo a khansa. Mafuta oterowo amayenera kusiyidwa milungu iwiri mpaka inayi asanadule, ndipo lipoti loyamba likabwera lopanda kanthu pomwe zigamba zikadalipo, amadulanso.